Nyimbo ya msilikali ikafika pa pepala

Loweruka lina masana, m'holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, anyamata athu anatulutsa zida zimene mpingo unasonkherana n'kugula kwa munthu wina amene bandi yake inatha: ma cornet (malipenga aang'ono amkuwa) atatu, euphonium (lipenga lalikulupo la mawu apansi) imodzi yophwanyika pang'ono pambali, ndi ng'oma yaikulu. Ankakonzekera nyimbo yogubira yoti adzalowe nayo pa chisangalalo cha 6 July. Akwayamasitala analemba chuni pabolodi m'zilembo za solfa zimene ambirife tinakula nazo, d r m f s, n'kuuza wa kiyibodi kuti doh akhale F. Mnyamata wa cornet anali ndi pepala lake la mizere isanu, lotsitsa pa intaneti. Atayamba pamodzi, zinamveka ngati mbuzi ziwiri zomangidwa chingwe chimodzi, iyi ikukokera kudambo, inayo kumudzi.

"Achimwene, mwaphonya kiyi."

"Ayi bambo, pepalali likuti F, ndipo ine ndikuliza F yemweyo."

Onse awiri ankanena zoona. Mkanganowo usanathe, mkulu wa mpingo amene anangokhala phee kumbuyo anaponya lake: "Kodi ana inu, nyimbo imeneyi si ya asilikali? Ilowa bwanji m'nyumba ya Mulungu?" Mayi wina wa mvano naye anawonjezera: "Nanga mapepala mwapanga fotokopewa, mwini wake akudziwa?"

Mafunso atatuwa ndawamva kangapo kuno ku Joni, makamaka ukayandikira mwezi wa July ndi wa November. Ine solfa ndinaiphunzira m'kwaya kumudzi, manotsi a mizere ndinadzawadziwira kuno ndili kale ndi ana, choncho ndikudziwa pamene mutu umaimira.

Lipenga linali wotchi

Nyimbo za asilikali sizinayambe ngati zosangalatsa. Kusanabwere mawailesi, mkulu wa nkhondo sakanatha kukuwa n'kumveka kwa anthu mazanamazana, ndiye ankalankhula kudzera m'ng'oma ndi lipenga. Lipenga lenileni la asilikali, lija Angerezi amati bugle, ndi mpope wamkuwa wopindidwa, wopanda potobwanya zala. Woliza amasintha mawu ndi milomo ndi mpweya basi, ndipo mawu amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi asanu okha: d, s, d wam'mwamba, m, ndi s wam'mwamba. Mawu asanu omwewo anakwanira kunena zonse za tsiku: dzukani, folani, kadyeni, zimitsani nyale. Zili ngati chitsulo chija chimapachikidwa pamtengo kusukulu ya pulaimale. Chitsulo n'chimodzi, koma mwana aliyense amadziwa kusiyana kwa kulira koitanira ku asembule ndi kulira koweruka.

Kulira kumene timamva pa maliro a msilikali, kotchedwa Last Post, kunali chizindikiro cha usiku chosonyeza kuti mkulu wamaliza kuyendera alonda onse ndipo msasa watsekedwa. Pambuyo pake anthu anakupatsa tanthauzo lina, lakuti ntchito ya munthu uyu yatha, agone. N'kumene kumalira mu November pa chipilala cha chikumbutso cha pa Beyers Naudé Square pakati pa Johannesburg, chimene chinatsegulidwa mu 1926, ndiponso kwathu pa chipilala cha asilikali ku Zomba. Mwambo wokhala chete mphindi ziwiri nawo uli ndi mizu m'dziko lino: unkachitika ku Cape Town mu 1918, ndipo Sir Percy FitzPatrick ndiye anaupereka ngati ganizo kwa Mfumu George V mu 1919.

Nyimbo yogubira

Machi, kapena kuti nyimbo yogubira, ndi nyimbo yopekedwa poyeza phazi. Pa perete wamba asilikali amaponda pafupifupi masitepe 120 pa mphindi imodzi, sitepe iliyonse pafupifupi masentimita 75. Mukawerengera, ndi mtunda wopitirira pang'ono makilomita 5 pa ola. Pa maliro ndi pa miyambo yaulemu amaguba pang'onopang'ono, pafupifupi theka la liwiro limenelo. Kugunda kwamphamvu kwa ng'oma yaikulu kumagwera phazi lamanzere, ndipo munthu amene wasokoneza mwendo amangomvera ng'omayo n'kubwerera m'mzere. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, nyimbo yawo ndi imene imaletsa misi kuombana. Machi imagwira ntchito yomweyo kwa miyendo mazana.

Chifukwa cha ntchito imeneyi, kamangidwe kake n'kouma. Kawirikawiri imayamba ndi kachiyambi kakafupi, kenako chigawo cha ma bar 16 (bar iliyonse ndi kugunda kuwiri), ndiye kuti masitepe 32, chimene chimabwerezedwa. Chigawo chachiwiri nthawi zambiri chimapatsa chuni zida za besi. Kenako pamabwera chigawo chofatsa chotchedwa trio, pamene kiyi imasuntha, fah wakale n'kusanduka doh watsopano. Kubwerezabwereza kuli ndi chifukwa chake chooneka ndi maso: woliza lipenga akuyenda, manja onse ali pa chida, sangatembenuze tsamba. Nyimbo yonse iyenera kukwana pa kakhadi kamodzi kosaposa chikhatho chotambasula, kamene amakapana pa kachitsulo pamwamba pa chidacho. Ndinagwirapo kakhadi kotere kakale, kachikasu, kofewa m'makona chifukwa cha thukuta ndi mvula, ndipo pambali pake wina analemba ndi pensulo malo opumira.

Mabandi a zida zamkuwa anakula pamene zidazo zinaikidwa mavavu, potobwanya zala paja, ntchito imene Ajeremani awiri, Heinrich Stölzel ndi Friedrich Blühmel, analembetsa mu 1818. Kuyambira pamenepo lipenga linatha kuliza mawu onse, osati asanu okha. Koma kukhala ndi zida sikugwirizana. Mu 1854, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea, mabandi angapo a asilikali a Britain anasonkhana ku Scutari, m'dziko la Turkey, kuti alize nyimbo ya fuko lawo pamodzi, ndipo bandi iliyonse inaliza m'kiyi yake ndi m'kakonzedwe kake. Manyazi a tsiku limenelo anathandiza kuti mu 1857 atsegule sukulu ya oimba a asilikali ku Kneller Hall. Anyamata a ku Rosettenville asadandaule kwambiri, vuto lawo ndi lakale.

Mawu oti bandi amabisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo wogula manotsi ayenera kudziwa imene ali nayo. Bandi ya asilikali kapena ya polisi imasakaniza zida zamkuwa ndi zitoliro monga clarinet, flute ndi saxophone. Brass band, imene inakulira m'migodi ndi m'mafakitale a ku Britain ndipo a Salvation Army anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1878, imakhala ndi zamkuwa zokhazokha, anthu pafupifupi 25, kuwonjezera ang'oma. Palinso bandi ya zitoliro za matumba za ku Scotland, imene Johannesburg anaizolowera kudzera m'magulu ngati Transvaal Scottish, limene kuyambira 2019 limatchedwa Solomon Mahlangu Regiment. Pepala lolembera imodzi mwa izi silingangoikidwa pamaso pa inzake.

Manotsi a mitundu iwiri, ndi F amene si F

Solfa imakuuzani mtunda wa mawu kuchokera kwa doh. Doh mwiniyo alibe malo okhazikika: mungamuike m'mwamba kapena pansi malinga ndi makosi a oimba, chuni n'kukhala chomwecho. Manotsi a mizere isanu, amene oimba amangoti staff, amakuuzani malo enieni a liwu lililonse. Kusiyana kwake kuli ngati kulondolera mlendo. Kumudzi timati, "mukafika pa mjigo, nyumba yachitatu kumanja," ndipo zonse zimadalira mjigowo. Kuno ku Joni timapereka nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, zosasuntha kaya mukuchokera ku Turffontein kapena ku Diepsloot.

Njira ziwirizi n'zapachibale. Mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndiye amatchulidwa pa chiyambi cha mizere komanso cha maina a mawu ngati re, mi, fa. Solfa imene timaidziwa ife inakonzedwa ku England ndi Sarah Glover, n'kufalitsidwa ndi John Curwen kuyambira m'zaka za m'ma 1840. Inali yotsika mtengo kusindikiza chifukwa inkangofuna zilembo wamba ndi timadontho, ndipo amishoni anaikonda. Kwathu inalowa ndi sukulu ndi makwaya a mishoni ngati Livingstonia ya mu 1875 ndi Blantyre ya mu 1876. Kunonso ndi chimodzimodzi: Enoch Sontonga, mphunzitsi amene manda ake ali ku Braamfontein, analemba mu solfa nyimbo yake ya mu 1897 imene lero ndi chiyambi cha nyimbo ya fuko la South Africa. Choncho munthu asanene kuti solfa ndi manotsi a osaphunzira. Kungoti bandi imakonda staff chifukwa chala cha woliza chimafuna kudziwa vavu yeniyeni yoti chitobwanye. Ophunzira ambiri amalemba manambala a zala pansi pa notsi iliyonse, 0, 13, 12, 1, 0, mpaka maso atazolowera.

Tsono F uja. Cornet ndi chida cha B flat: woliza akawerenga C pa pepala, khutu limamva B flat, sitepe imodzi pansi. Mnyamata uja anatsitsa pepala lolembera piyano, naliza F wa pa cornet, koma chimene chinatuluka ndi E flat, pamene kiyibodi inali pa F weniweni. Kuti agwirizane, pepala lake linayenera kulembedwa mu G. Chida cha E flat, monga tenor horn kapena alto saxophone, chikanafuna pepala la mu D. Ife otumiza ndalama kumudzi tisavutike kumvetsa: thumba la chimanga ndi limodzi, koma mtengo wake mu randi ndi nambala ina, mu kwacha nambala inanso. Anakonza chonchi dala, kuti munthu wophunzira zala pa cornet athe kusamukira ku horn, euphonium kapena besi osayambanso. N'chifukwa chake mu brass band pafupifupi aliyense, ngakhale wa chida chachikulu cha besi, amawerenga ngati wa cornet, kupatula wa bass trombone.

Palinso msampha wina kwa ogula zida zakale. Masiku ano zida zimachunidwa pa muyeso umodzi, A wa 440, kutanthauza kuti liwu la A limanjenjemera ka 440 pa sekondi. Ma brass band a ku Britain anakhala pa muyeso wokwererapo, cha m'ma 452, mpaka m'zaka za m'ma 1960. Lipenga lakale kwambiri likhoza kumveka lokwera pang'ono nthawi zonse, ngakhale woliza asakulakwitsa chilichonse.

Kukonzera bandi nyimbo

Wopeka ndi amene anabala chuni. Wokonza, amene pa pepala dzina lake limatsatana ndi timawu "arr.", ndi amene amatenga chunicho n'kuchigawira zida. Amasankha kiyi yokomera zamkuwa, kawirikawiri B flat, E flat, F kapena A flat. Chuni amapatsa ma cornet, euphonium amaipatsa kanyimbo kena koyenda pansi pake, ma horn amadzaza pakati pa kugunda, besi imaponda ndi phazi. Amaonetsetsa kuti palibe amene wapatsidwa mawu osafikirika, ndiponso kuti milomo ikupeza popumira, pakuti mlomo wa woliza lipenga umatopa ngati mwendo. Mtsogoleri wa bandi amakhala ndi pepala la zida zonse pamodzi, woliza aliyense amangolandira mzere wake. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zitatha, okonza ambiri ankalumikiza nyimbo zingapo zimene asilikali ankakonda n'kupanga nyimbo imodzi yaitali.

Ntchitoyi ndimaifanizira ndi ya telala, ndipo matelala achimalawi kuno ndi ambiri, andimva. Mumabweretsa chitenje chathunthu, iye amayeza thupi, amadula, amasoka, diresi n'kutuluka lokongola. Koma pansi pa makina pamatsala tizidutswa. Nyimbo ya msilikali ikadulidwa kuti ikwane ma bar 16, nayonso imasiya tizidutswa, ndipo n'zimene anthu ambiri saziwona.

Choyamba kugwa ndi mawu. Ganizirani nyimbo ya Chiafrikaans ya Sarie Marais, yogwirizana ndi nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902. Mawu ake ndi a munthu wolakalaka kubwerera ku Transvaal, woopa kugwidwa ndi asilikali a Britain n'kutumizidwa kutsidya kwa nyanja. Mu 1953 chuni chomwecho chinakhala nyimbo yogubira ya ma Commando a Royal Marines a ku Britain komweko. Mawu atachoka, chuni chinawoloka n'kukavala yunifolomu ya amene ankaopedwa aja.

Kwa ife pamagwa zinanso. Nyimbo zathu zimayenda ndi wotsogolera ndi ovomera, ndipo wotsogolera ali ndi ufulu wotalikitsa mzere, kulowetsa dzina la sajeni wankhanza, kapena kudula mwadzidzidzi. Aliyense amene anamvapo asilikali akuthamanga m'mamawa ku Zomba kapena ku Lilongwe akudziwa kuti nyimbo imodzi siimbidwa mofanana kawiri. Pepala limasankha kaimbidwe kamodzi n'kukaumitsa. Chichewa ndi Chitumbuka zili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe kake ka mawu, ndipo woimba amatsetsereka pakati pa notsi ziwiri m'njira imene mizere isanu ilibe polemba. Ng'oma zathu zimakonda kuyendetsa kugunda kutatu pamwamba pa kuwiri, pamene machi imafuna manzere, manja, manzere, manja. Ena amati kutaya kumeneku ndi mtengo woyenera kulipira kuti nyimbo isafe ndi nkhalamba zimene zikuidziwa. Ena amati chimene chasungidwacho si nyimbo ija ayi, ndi chithunzi chake chabe. Oimba enieni ndawamva mbali zonse ziwiri.

Funso la mkulu wa mpingo uja lili ndi mbiri yake kwathu komwe. Kumpoto, m'nthawi ya mmishoni Donald Fraser ku Embangweni, Akhristu achingoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anapeka nyimbo za Mulungu pa machuni a makolo awo, ena mwa iwo ochokera ku nyimbo za nkhondo ndi za ingoma. Zambiri zinalowa m'buku la nyimbo la mpingo ndipo zikuimbidwabe. Kumeneko chuni cha nkhondo chinavula mawu akale n'kuvala a pemphero. Izi sizikutanthauza kuti funso la mkuluyo layankhidwa, koma zikusonyeza kuti makolo athu m'chikhulupiriro anakumana nalo kale.

Njira yopanda pepala: beni, malipenga ndi mganda

Pamene Azungu ankasindikiza makhadi a machi, anthu athu ankakonza nyimbo zomwezo m'njira yawoyawo, ndi khutu lokha. Apa ndiye pamene mtima wanga uli.

Gulu la King's African Rifles, limene agogo athu ankangoti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a ku Nyasaland. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inafika pakhomo penipeni: ku Karonga kunamenyedwa nkhondo pa 9 September 1914. Anthu anaitcha nkhondo ya chiwaya potengera mfuti ija yolira mosalekeza. Wolemba mbiri Melvin Page, amene anacheza ndi okalamba ambiri amene anaiona, amaika chiwerengero cha asilikali ochokera kwathu pafupifupi 19,000, ndi amtengatenga, onyamula katundu pamutu, pafupifupi 200,000. Pa nkhondo yachiwiri ena anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Anthu onsewa anaona perete, anamva bandi, ndipo opulumuka anabwera nazo kumudzi m'mutu.

Dzina loti beni likuchokera ku liwu lija loti bandi. Guleyu anayambira m'matauni a Aswahili m'mphepete mwa nyanja ya mchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890, m'magulu opikisana, ndipo nkhondo inamufalitsa kumtunda. Terence Ranger analemba mbiri yake m'buku la mu 1975. Kwathu beni anakhazikika pakati pa Ayao ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Ku Nkhata Bay, Likoma ndi madera ena a kumpoto kunakula malipenga, ndipo m'chigawo chapakati, ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Lilongwe, mganda. Gulu limatchedwa boma, lili ndi maudindo ngati mfumu, kaputeni, sajeni, ngakhale dokotala. Amavala zoyera zochapa ndi kusita bwino, amafola m'mizere, ng'oma yaikulu imamenyedwa ndi ndodo ngati ya bandi.

Nanga malipenga amkuwa akanawapeza kuti? Anatenga chikho chouma, n'kuboola, pabowo lina n'kumatapo kansalu koyera kaja kangaude amasungiramo mazira pakhoma. Lero ambiri amangomatapo kapepala ka pulasitiki. Munthu amaimbira m'kati mwake, kansaluko n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka a nthetemya ngati a cornet. Ku mganda timati badza. Zikho zazing'ono zimatenga mawu am'mwamba, zazikulu zimagwira besi. Taonani bwino: kumeneku ndi kugawa chuni kwa zida malinga ndi kukula kwake, ntchito yomwe ija ya munthu wa "arr.", koma yopanda pensulo, yopanda dzina. Ndipo iwo sanataye tizidutswa tija. Anasunga mawu, anasunga wotsogolera ndi ovomera, ndipo sitepe youma ya perete anaifewetsa mpaka inasanduka gule.

Akatswiri sagwirizana pa tanthauzo lake. Ena amati anthu ankanyoza atsamunda powatsanzira. Ena amati ankanyadira ukhondo, mwambo ndi kuona dziko, ndipo ankapikisana mudzi ndi mudzi monga ankachitira kale m'magule ena. Enanso amati yunifolomu ndi chikopa chabe, mtima wa guleyo ndi wakwathu. Mwina boma lililonse linali ndi chifukwa chake.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa mawu akale a magule amenewa anasungidwira kuno. Hugh Tracey anayenda ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira mawu, ndipo mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, kumadzulo kwa Johannesburg. Mu 1978 nkhokweyo inasamukira ku Rhodes University, m'tauni imene lero ikutchedwa Makhanda.

Mmodzi wa anyamata a ku Rosettenville, wa euphonium, atamva zimenezi anapita kwa bambo wina wachikulire wa ku Ntchisi amene wakhala kuno zaka zambiri akugwira ntchito m'minda ya maluwa. Anamupempha kuti, "Agogo, tandiimbireni ija munkavina ku mganda." Bamboyo anaimba nyimbo imene anati anaimva kwa amalume awo a Keyala, akumenya tebulo ndi chikhatho. Mnyamatayo anaijambula pa foni, ndipo wakhala akuilemba pa mizere isanu kuti bandi idzalize.

Mwini wake ndani

Funso la mayi wa mvano lili ndi zigawo. Pa pepala limodzi pakhoza kukhala eni atatu: wopeka chuni, wokonzera bandi, ndi wosindikiza. Lamulo la kukopera la South Africa, la mu 1978, limateteza nyimbo kwa moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 atamwalira. Ku Britain ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi zaka 70. Choncho machi za John Philip Sousa, amene anamwalira mu 1932, kapena za Kenneth Alford, amene anamwalira mu 1945, n'zomasuka kuno. Koma munthu akatenga chuni chomasukacho n'kuchikonza mwatsopano chaka chatha, kakonzedwe kakeko ndi kake, ndipo kupanga fotokope popanda chilolezo ndi kumulanda. Zili ngati chitsime cha mudzi: madzi ndi a aliyense, koma amene watunga n'kusenza mpaka pamsika amagulitsa thukuta lake. Zoliza nyimbo pagulu kuno amayang'anira ndi a SAMRO, bungwe la mu 1961 limene lili ku Braamfontein. Kwathu ndi a COSOMA.

Pali mfundo imodzi m'lamulo la kuno imene ikukhudza nkhani yonseyi: nyimbo siitetezedwa pokhapokha italembedwa, kujambulidwa kapena kusungidwa mwa njira ina yogwirika. Msilikali kapena mtengatenga amene anapeka nyimbo ali paulendo wa ku Tanganyika sanalembe kanthu. Amene adzaike nyimboyo pa pepala ndiye dzina lake lidzaoneke. Lamulo la Malawi linayesa kutseka mpata umenewu ponena kuti zaluso za makolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a dziko. Ena amaona kuti pamenepa pali chitetezo, ena amafunsa ngati phindu limafikadi kumudzi kumene nyimboyo inabadwira.

Zimene sizinathe

Vuto la kiyi linatha tsiku lomwelo: akwayamasitala ndi mnyamata uja anakhala pansi n'kukweza notsi iliyonse sitepe imodzi. Enawa ndiye akadalipo.

Kodi chuni chimasunga mlandu wa mawu ake akale? Makhoti a dziko lino alimbana ndi funso loyandikana nalo pa nyimbo ina ya nthawi yomenyera ufulu: mu 2011 khoti la ku Johannesburg linati ndi mawu audani, mu 2022 khoti linagamula mosiyana pa mlandu wa bungwe la AfriForum ndi chipani cha EFF, ndipo mu 2024 khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulo chachiwirichi. Kumeneko ankakangana za mawu oimbidwa. Nanga bandi ikangoliza chuni popanda liwu lililonse, womva amene akuwadziwa mawuwo wamva chiyani?

Kodi tikamaliza machi za Keyala tikulemekeza ndani? Ena amati tikulemekeza agogo athu amene anavutika ndi kufa. Ena amakumbutsa kuti John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 yodandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo, ndipo amafunsa ngati nyimbo za perete sizikuphimba dandaulo limenelo. Anzathu a kuno ali ndi bala lofanana: anthu oposa 600, ambiri a iwo akuda opita kukagwira ntchito ya manja ku nkhondo, anamira ndi sitima ya Mendi pa 21 February 1917, ndipo chikumbutso chawo chili ku manda a Avalon ku Soweto. Kodi onyamula katundu, amene sanagube kumbuyo kwa bandi, amakumbukiridwa ndi nyimbo iti?

Kodi mganda ukalembedwa pa mizere isanu n'kulizidwa ndi zida zamkuwa, ukadali mganda, kapena wabwerera kukakhala machi imene unachokerako? Ndipo ana athu obadwira kuno, amene Chizulu chimawatuluka msanga kuposa Chichewa, adzaudziwa bwanji ngati sulembedwa?

Mkulu wa mpingo uja sanaletse bandi, koma sanavomerenso kuti ilowe m'kati mwa tchalitchi. Anati nkhaniyo ipite ku bwalo la akulu, ndipo pakadali pano anyamata azilizira panja. Wa euphonium wamaliza mzere wa ma cornet ndi wa besi wa nyimbo ya agogo aja. Pamwamba pa pepala, chakumanja, pamene pamalembedwa dzina la wopeka, sanalembepo kanthu, ndipo sabata yatha anandifunsa kuti alembepo ndani.